A Jolamu Anatsikira Panjira

Sendezani mbaulayo pakati, ana inu, magetsiwa lero sabwera msanga. Aphunzitsi anu apita kukasaka makandulo, ndipo monga mukuwadziwa, akakumana ndi munthu panjira ayamba kumufunsa kumene amapemphera ndi amene anamukokera mumpingomo, ndiye nthawi tili nayo yambiri. Ndamva kuti mwezi wamawa mukubalalika m'midzi kukachita kafukufuku wanu. Musanapite ndikuuzeni za mlendo amene tinamusunga m'nyumba muno, pamene mkazi wake ankamudikira m'mbali mwa msewu ku Ntcheu. Nkhani imeneyi m'kalasi sadzakuuzani.

A Kamtengeni ndinawapeza ali kale ndi matenda awo a mafunso. Tili pachibwenzi ndinawafunsa kuti sosholoje ya chipembedzo imene amaphunzirayo n'chiyani. Ndinalakwa kufunsa. Anandifotokozera kuchokera ku Chilinde mpaka ku Kawale, wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Pa zonsezo ndinatolapo chimodzi. Anati, "Ine sindifunsa ngati mizimu ilipo kapena kulibe, limenelo si khomo langa. Ndimafunsa kuti anthu akamaikhulupirira amakhalirana bwanji, amalira bwanji, amatonthola bwanji." Ndinawakonda pomwepo, chifukwa munthu woganiza chonchi sanyoza za mnzake. Koma kulankhulako, abale! Munthuyu ngakhale phala amalidya akufotokoza mbiri yake.

Chaka china, titakwatirana kale, ankalemba za mwambo wa kutenga mzimu. Anapeza banja lina kupitirira Lizulu limene linawalola kuti alitsatire. Mwamuna wa pabanjapo, a Jolamu, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Anagwa m'chigafa akupachika fodya, osadzukanso. Thupi linabwera kumudzi, linaikidwa. Koma kwawoko amati munthu akafera kutali, thupi limabwera lokha, mwini wake amatsala pamene anagwera, kudikira womutenga. Ndiye m'bale wake amapita ndi nthambi ya kankhande, namuitana ndi dzina, namuuza kuti tiyeni kwathu. Wonyamula nthambiyo salankhula ndi munthu wamoyo ndipo sacheuka mpaka atafika. Pa mtsinje uliwonse amamuuza womwalirayo kuti tikuwoloka, pa mphambano iliyonse amamuuza kuti tikukhota. Mkazi wa a Jolamu, mayi Nasibeko, anali atanenetsa kuti sameta maliro mpaka amuna awo atafika pakhomo.

Wonyamula nthambi anali mng'ono wa malemuwo, a Bitoni. Amuna anga anapita nawo ku Kasungu, naona zonse, nabwerera nawo basi imodzi. Pa depoti ya Lilongwe anasiyana. A Bitoni anakwera ya ku Ntcheu, aphunzitsi anu anabwera kuno, fumbi lokhalokha, nkhope ili ngwee ngati mwana wopatsidwa switi. Anandisimbira ulendo wonse ndikuwatenthetsera madzi, anapitiriza ali kubafa, ine ndikuyankha "ee" panja pa chitseko.

Choyamba chinali fungo. M'mawa mwake ndikusesa pakhonde ndinamva fodya. Si fodya wosuta ayi, koma uja wa m'chigafa, wolowa m'mphuno mpaka kukhosi. Pakhomo pano palibe wosuta. Ndinawauza amuna angawo, bambo a Mwandida, iwo nati n'zovala zawo, popeza anakhala nthawi m'chigafa chija. Ndinachapa malaya ndi thalauza, ndinayanika. Fungo silinachoke. Ndipo silinali paliponse, linali pakona imodzi ya khonde, pamene pali kampando kopanda chotsamira, kamene timapatsa anthu ongodutsa.

Kenako khasu. Kuseri kuno ndili ndi kadimba ka mpiru ndi tomato, ndipo ndivomere, udzu unali utandiposa. Khasu langa ndimalisiya m'khitchini yapanja. Tsiku lina ndinalipeza litatsamira mpanda, dothi lonyowa lili kumaso kwake. Nditasuzumira m'dimba, mizere iwiri inali yopaliridwa bwinobwino, udzu utaunjikidwa kumapeto. Ndinathamangira m'nyumba.

"Bambo a Mwandida, zikomo kwambiri. Sindinadziwe kuti manjawa amagwiranso khasu."

"Khasu lanji?"

"Mwapalira m'dimba."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ine khasu ndinasiyana nalo ndili Fomu 2. Mwina munapalira nokha dzulo, mwaiwala. Zimachitika. Ntchito yozolowera thupi limaigwira mutu uli kwina."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano. Ine ndikapalira ndimasiya udzu mbwee. Amene anapalira apa anali munthu wolemekeza munda.

Mizere inapitirira kuyera, lero uwu, mawa uwo. Mbandakucha wina ndinadzidzimuka, tambala asanalire kachiwiri, ndipo ndinalimva khasulo. Linkagwa mofatsa, khapu, kenako kaphokoso kokoka dothi, khapu, ngati munthu wosafuna kudzutsa eni nyumba. Ndinawagwedeza aphunzitsi anu. Anamvetsera, ndipo ndinamva thupi lawo likuuma pambali panga. Kenako anati, "Ndi aneba," nafunda bulangete mpaka kumutu. Aneba athu a mbali imeneyo bwalo lawo lonse ndi simenti.

Kutacha ndinapeza china choposa zonsezi. Pansi pa denga la khitchini panali kamtengo kopingasa, ndipo pa kamtengopo panalendewera masamba anga a mpiru, osokedwa ndi luzi kumapesi, mitolo yofanana, yotalikirana bwino kuti mphepo izidutsa. Ine ndinakulira ku Dowa, kusoka fodya ndimakudziwa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mantha ndinali nawo, sindinama. Koma chimene chinandigwira kwambiri chinali chisoni. Ndinaona kuti amene wachita izi sakufuna kutiopseza. Akungochita manyazi kukhala pakhomo pa eni manja ali lende.

Masiku omwewo bambo a Mwandida anaimbira foni a Bitoni, kuti amve mmene mwambo unathera, alembe mutu wotsiriza. Ndinali pafupi ndikusankha nyemba. Ndinangoona munthu wolankhulalankhula uja akuyankha "oo", "aa", "pepani", basi. Ataika foni anakhala chete, zimene kwa iwo ndi matenda.

"Kwagwanji?"

"Mayi Nasibeko akukana kumeta. Akuti amuna awo sanafike."

"Nanga a Bitoni sanafike ndi nthambi?"

"Anafika nayo, anaiika pamanda, zonse mwa dongosolo lake. Koma mayiwo atangoiyang'ana anati muli chabe umu, mwabwera ndi mtengo wokha. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse amakakhala pamene basi zimaima, mpaka dzuwa kulowa. Chakudya akungolawa. Achibale ayamba kunena kuti mutu wasokonekera, ndipo a Bitoni akuwaloza zala kuti anacheuka panjira."

Ndinayang'ana kampando ka pakhonde kudzera pazenera. Iwo anayamba kundifotokozera kuti mwambo umagwira ntchito pokhapokha onse atagwirizana kuti wagwira, ndipo wina mmodzi akakana, chingwe chonse chimamasuka. Zinali zomveka bwino. Koma pofotokozapo ankapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Chikwama chawo chapaulendo ndicho chinatsatira. Chimakhala pamwamba pa wadiropu. Ndinachipeza m'mawa chili pakhomo lotulukira, chitaima chilili, chogwirira chili m'mwamba. Ndinachibwezera. M'mawa wina chinali pomwepo, nsapato zawo zoyendera zili pambali pake, zitaloza kunja. Nsapato zanga sizinakhudzidwe. Aphunzitsi anu anazidumpha ngati sanazione, napita kuntchito atavala za kutchalitchi.

Loweruka anabwera ndi mnzawo, a Dokotala Msukwa, aja a saikoloje, amene enanu anakuphunzitsani chaka choyamba. Ndikudziwa kuti anawaitana dala kuti adzandikhazike mtima pansi, ngakhale wosowa mtendere anali mwini wakeyo. A Msukwa anafika mochedwa pang'ono, chakumadzulo, ife tili pabalaza. Anamwa tiyi, namvetsera nkhani yanga yonse mwaulemu, akugwedeza mutu.

"Alamu," anatero, "musachite manyazi, zimenezi si misala. Ubongo wa munthu sukonda malo opanda kanthu. Mwamva nkhani ya maliro, ya fodya, ya munthu wosafika kwawo. Tsopano chilichonse chosadziwika mwini wake, ubongo ukuchipereka kwa iyeyo. Fungo limakakamira m'mphuno kuposa m'zovala. Kuyenda m'tulo kuliponso, ndipo mnzangayu akatopa ndi zolemba angathe kutsitsa chikwama osadziwa."

"Nanga kusoka mpiru?" ndinafunsa.

"Munakulira kufodya, alamu. Manja amakumbukira zimene mutu unaiwala."

Ndinatsala pang'ono kukhulupirira, chifukwa a Msukwa amalankhula mokoma ngati nesi wa ana. Anakambirana awiriwo mpaka tiyi kuzizira, wina akuti nkhani ili m'mutu mwa munthu mmodzi, wina akuti ayi, ili pakati pa anthu. Potsanzika, a Msukwa ataimirira kale, anati, "Koma mwapeza mlonda waulemu. Wanditsegulira geti ndisanaimbe n'komwe belu, wavula chipewa, wandilozera poimika galimoto. Kungoti akuoneka wotopa, muzimupumitsako."

A Msukwa anayang'ana ine, nayang'ana mnzawo, ndipo kumwetulira kunayamba kuchoka pang'onopang'ono.

"Mulibe mlonda?"

"Anali wotani?" anafunsa amuna anga, mawu ali pansi.

A Msukwa anayesa kukumbukira. Anati akumbukira chipewa, akumbukira manja, zala zakuda kunsonga. Nkhope anaiyang'ana ndithu, koma sikubwera. Tinawaperekeza tonse awiri mpaka pagalimoto, ndipo munthu wamkulu ngati uja anandipempha kuti ndiime pageti mpaka atakhota.

Lamulungu ndinati ndichape jekete imene anapita nayo ku Kasungu, imene ndinaisiya poyamba chifukwa siuma msanga. Nditapisa dzanja m'thumba, china chinandibaya. Ndinatulutsa kanthambi kotalika ngati chala, masamba ofota, minga iwiri, wina wowongoka, wina wopindika ngati mbedza. Ndinapita nako pabalaza, magazi akudontha kuchala.

"Bambo a Mwandida, ichi n'chiyani?"

"Oo, kanali mmenemo? Ndinakafunafuna. N'ka nthambi ija. Potsika basi pa depoti inandikola pamkono, kanathyoka. Ndinati ndikawaonetse ana m'kalasi."

"Munangokatenga basi?"

"Ee. A Bitoni anali patsogolo, akuuza akulu awo kuti tafika. Mawu ake anali okoma kwambiri, mayi, mmene anawatchulira. Ndiye popita kukakwera minibasi ndinkawabwereza kuti ndisaiwale kamvekedwe kake, monga ndimachitira nthawi zonse."

"Mokweza?"

"Pang'ono chabe. Ndinkati, a Jolamu, tafika pa Lilongwe, tsikani, tsatani ine, musaso..."

Sanamalize. Anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene dokotala wamuuza zotsatira.

Inu ganizani, ana inu. Pa depoti paja, anthu piringupiringu, oitanira akukuwa, mabasi akulira. Munthu wa kumunda, wosadziwa tauni, akuona nthambi yake mbali ziwiri, ndipo wina akumutchula dzina mwaulemu kuti tsatani ine. A Bitoni sakanacheuka kuti aone ngati akulu awo akubwera. A Jolamu sanalakwe kanthu. Anatsata amene anawaitana.

Tsiku limenelo tinakangana, ndipo ife sitikanganakangana. Ine ndinati mawa lomwe tinyamuke. Iwo anati sizophweka choncho.

"Ndikafika ndikanena chiyani? Kuti pepani, m'bale wanu ndinapita naye kwathu? Wofufuza amaima pambali, mayi. Amaona, amalemba. Ndikanyamula kanthambika n'kuyamba kulankhula nako, ndasanduka chinthu chomwe ndikuchifufuza. Ntchito yonse ya chaka chino yafera pomwepo, ndipo anzanga akamva adzandiseka mpaka ndidzapume pantchito."

"Pambali munachokapo kale pa depoti," ndinatero. "Mayi uja akuonda pamsewu. A Bitoni akunyozedwa chifukwa cha thumba lanu."

"Ndipo ngati zonsezi zili m'mitu mwathu?"

"Ndiye mwangotaya mafuta a galimoto."

Ndinawasiya, chifukwa ndimawadziwa. Munthuyu ndi wouma mutu koma mtima wake ndi wa nkhunda. Dzuwa likulowa ndinali kukhitchini, ndipo ndinamva akukoka mpando pakhonde. Anauika pafupi ndi kampando kaja. Kenako ndinamva mawu awo, osati aja a m'kalasi.

"A Jolamu, ine sindikudziwa ngati mukundimva. Ndaphunzira zaka zambiri, koma chimenecho sindichidziwa. Ngati mukundimva, ndakulakwirani. Ndakusungani kwa eni pamene kwanu akukudikirani. Mawa ndikuperekezani."

Kampando kaja kanalira, kwee, monga kamachitira munthu akasuntha pokhala. Ndinagwira chitseko cha khitchini. Aphunzitsi anu sanathawe. Anakhalabe pomwepo mpaka mdima, ndipo ndinawanyadira kuposa tsiku limene anavala mkanjo wa udokotala.

Mbandakucha wotsatira khasu silinamveke.

Tinanyamuka m'mawa. Woyendetsa ndinali ine, chifukwa wonyamula nthambi sacheuka, ndipo woyendetsa amayang'ana kumbuyo. Mwambo wonse anauchita okha, osaphonya, popeza palibe ankaudziwa bwino kuposa iwo. Anaima pakhonde, kanthambi kali m'manja onse awiri, nati, "A Jolamu, dzukani, tiyeni kwanu. Tsatani ine." Anatsegula chitseko cha kumbuyo cha galimoto, nadikira, natseka mofatsa. Galimoto yathu ndi yakale, imamva chilichonse. Ndinaimva ikutsika pang'ono mbali ya kumanzere. Ndinavula duku n'kulimanga pa kagalasi ka pakati. Palibe anandiletsa kuyang'ana, koma ndinaona kuti si ulemu.

Tsopano taganizani chilango chake. A Kamtengeni, kuchokera ku Lilongwe mpaka kupitirira Lizulu, osalankhula ndi munthu! Tinadutsa tchalitchi chatsopano cha malata chokhala ndi dzina lalitali kuposa khoma lake, ndinawaona milomo ikunjenjemera. Tinadutsa anthu ovala zoyera akuyenda pamzere ndi ng'oma, anatseka maso ngati akumva dzino. Ndikanakhala mkazi woipa ndikanawafunsa maganizo awo. Koma pa milatho mawu awo ankatuluka bwino. "A Jolamu, uyu ndi Nathenje, tikuwoloka." "A Jolamu, tafika pa Diamphwe." "Uyu ndi Linthipe, musaope, tili limodzi." Fungo la fodya linali m'galimoto monse, ndipo ndinali nditasiya kudana nalo.

Titapitirira Dedza kunagwa nkhungu, ija imakwawa pamsewu nthawi yachisanu. Ndinachepetsa liwiro. Pa malo ena otsetsereka injini inangozima, popanda kutsokomola n'komwe. Galimoto inayenda pang'ono, n'kuima. Ndinayesa kuliza, zii. Ndinayesanso, zii. Kunja kunali chete wodabwitsa, kopanda mbalame, kopanda galimoto ina. M'nkhungumo munadutsa mayi atasenza nkhuni. Atafika pafupi nafe anapatukira kutchire, nawerama pang'ono monga achitira podutsa akulu, maso ake ali pa zenera la kumbuyo. Ife a kutsogolo sanatione n'komwe.

"Bambo a Mwandida," ndinanong'ona, "ndichite chiyani?"

Sakanandiyankha. Thukuta linali pamphumi pawo ngakhale kunkazizira. Ndinawaona akumvetsera china chake, kenako nanenso ndinachimva, timadzi tikuyenda pansi pa msewu. Kanali kamtsinje kakang'ono kodutsa m'paipi, koti munthu ungakalumphe, kopanda chikwangwani. Mawilo a kutsogolo anaima pamphepete pake penipeni.

"A Jolamu," anatero amuna anga, "pepani. Kamtsinje aka sindikadziwa dzina. Inu mwina mukukadziwa, ndi kwanu kuno. Tiyeni tiwoloke."

Kumbuyo kwanga wina anapuma, mpweya wautali, ngati munthu amene wazindikira phiri la kwawo. Nditatembenuza kiyi, injini inalira ngati sinazimepo. Kuchokera pamenepo aphunzitsi anu ankalengeza ngakhale ngalande.

Tinafika dzuwa litapendeka. Sitinafunse njira. Pamene basi zimaima panali mtengo wa mbawa, ndipo pansi pake panakhala mayi wovala duku lakuda, chitenje chitazungulira kawiri m'chiuno chifukwa cha kuonda. Galimoto zambiri zimadutsa pamenepo, koma ife tisanaime n'komwe anali ataimirira kale. Sanayang'ane ine, sanayang'ane amuna anga. Anangotembenuka n'kuyamba kuyenda kanjira ka kumudzi, pang'onopang'ono, monga munthu wotsogolera mlendo wotopa.

Amuna anga anatsika, natsegula cha kumbuyo, nati, "A Jolamu, tafika. Tsikani." Anatsata mayiwo, kanthambi kali patsogolo, khosi lili gwa. Ine ndinali pambuyo, ndipo ndinasiya mpata wa munthu mmodzi pakati pathu. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba. A Bitoni anabwera akuthamanga, nazindikira aphunzitsi anu, nayamba kuwapatsa moni. Ataona kuti sakuyankha, ataonanso chimene chili m'manja mwawo, anagwira pakamwa. Ine ndiye ndinafotokoza, mwachidule, pamaso pa onse, kuti a Bitoni sanacheuke, kuti cholakwa chinali cha kwathu. Ndinkayembekezera mawu owawa, ndipo akanatiyenera. Koma mkulu wina anangoti, "Chachikulu abwera," ndipo a Bitoni anakhala pansi pomwepo pa fumbi n'kuyamba kulira.

Pakhomo la nyumba, mayi Nasibeko anatambasula manja. Amuna anga anagwada, munthu wa mawondo ovuta ngati uja, naika kanthambi m'manja mwawo. "A Jolamu," anatero, "pano ndi panu. Ine ndathera pompa."

Mayiwo analowa nako m'nyumba, natseka chitseko. Tonse tinakhala panja. Tinkamva mawu awo mkatimo, otsika, osalekeza, ngati munthu wosimba zonse zimene zachitika pakhomo mwini wake kulibe. Nthawi zina ankaima, ngati akumvetsera. Kamodzi anaseka. Kuseka kumeneko kunandiliza ine, mlendo, amene a Jolamu sindinawaonepo ndi maso. Ndipo ndinazindikira kuti fungo lija, limene ndinayenda nalo njira yonse, pabwalopo panalibe.

Atatuluka, maso anali ofiira koma nkhope inali itamasuka. Anati kwa a Bitoni, "Alamu, kauzeni anthu. Mawa timeta." Kenako anabwera pamene tinakhala ife, nagwada patsogolo pa amuna anga. Ndinaona aphunzitsi anu akukonzeka kupepesa, mawu onse amene anawasunga kuchokera ku Lilongwe atadzaza m'kamwa. Mayiwo sanawapatse mpata.

"Bambo, ndingofunsa chimodzi. Kwanuko anavutika?"

Ine ndakhala ndi munthuyu zaka zambiri. Funso lotere amaliyankha ndi "anthu ena amati", kapena "zimatengera mmene mukuonera". Ndinamuona akuyang'ana mayi uja, mikono yoonda ija, fumbi la pamsewu lili kumapazi.

"Ayi, mayi," anatero. "Sanavutike. Tinkawakonda. Kungoti tsiku lililonse ankafuna kubwera kwa inu."

Mayi Nasibeko anagwedeza mutu. "Ndimadziwa," anatero. "Sakanangondisiya osalawira."

Anakweza manja, namasula duku lakuda lija, nalipinda bwinobwino pamwendo pawo.